Mafunso ndi mayankho: moyo wa oyimba, azisudzo ndi a masitanti kuno ku Mzuzu

Mafunso awawa ndi omwe amangobwerabwera, ena pa WhatsApp, ena pa Facebook, ena munthu kungokuimitsa pa depoti nkuyamba kufunsa. Ambiri ndi achinyamata, koma aliponso makolo amene akuda nkhawa ndi ana awo. Ine ndili mu za zisudzo ndi zoyimba kuno konkuno, nde ndaona kuti bola ndiwayankhe pamodzi.

Kodi munthu angadye ndi luso lokha kuno ku Mzuzu?

Angadye, koma ndi ochepa, ndipo amene akudyawo sadalira shoo ayi. Shoo yapageti imabwera mwa apo ndi apo. Ndalama yeniyeni ili ku maukwati, zinkhoswe, ma sendofu, u MC, majingo a pawailesi, kubwereketsa masipika, komanso masewero a uthenga aja mabungwe amaitanitsa, za kolera, za katemera, za nkhanza za m'banja, mumakwera lole kupita ku Ekwendeni kapena ku Mpherembe kukachita sewero pabwalo la sukulu. Imeneyo ndi imene imagula ufa.

Ndiye pali nkhani ya nyengo. Mvula ya kuno mukuidziwa, imayamba ikafuna ndipo imatha mochedwa kuposa kumwera, shoo yapanja utha kuikonzekera mwezi wathunthu, mapositala kumata tauni yonse, tsikulo kungoti nkhungu ndi mvula yamawawa kuyambira m'mawa, anthu osatuluka m'nyumba. Maukwati amachuluka anthu akakolola mpaka cha mu December, kenako January ndi February kumakhala zii. Nchifukwa chake oyimba ambiri ndi azisudzo amene ndimawadziwa ndi aphunzitsi, ena ali ndi kashopu, ena amalima. Palibe chamanyazi pamenepo. Chamanyazi ndi kumavala ngati zikuyenda koma lendi ukuthawa.

Ndili ndi mawu abwino, ndiyambire pati?

Osathamangira ku situdiyo. Yambani pamene pali anthu oti akuuzeni kuti mwaphonya kiyi: kwaya ya kutchalitchi, praise team, bandi ya m'dera. Malemu Lucius Banda asanakhale Soja amene tonse timamudziwa anakulira mu Alleluya Band ku Balaka, pansi pa mkulu wake Paul Banda. Zaka zimenezo zoyimba kumbuyo kwa ena ndi zimene zimapanga munthu. Masiku ano kompyuta imatha kuwongola mawu opotoka mu situdiyo, koma tsiku loti wagwira maiki pamaso pa anthu, ng'oma ikulira kumbuyo, palibe chokubisa.

Phunziraninso chida chimodzi, olo gitala olo kiyibodi. Woyimba wodziwa chida sagona ndi njala chifukwa ngakhale nyimbo zake zisakugunda, amamuitana kukayimbira ena. Ofuna zasukulu zenizeni, ku Lilongwe kuli Music Crossroads Academy, ndipo ku University of Malawi ku Zomba amaphunzitsa zoyimba ndi zisudzo.

Ndiziyimba Chichewa kapena Chitumbuka? Akuti Chitumbuka sichigula.

Funso ili limandikhudza kwambiri. Amene amanena zimenezi ndimawafunsa ngati anamumvapo Wambali Mkandawire. Mkulu ameneyu kwawo kunali ku Mlowe ku Rumphi, anakhala nafe kuno ku Mzuzu, ndipo nyimbo zake zambiri zinali za m'Chitumbuka. Chimbale chake cha Zani Muwone chinatuluka mu 2002 nkumufikitsa mpaka pa mndandanda wa opikisana ku ma Kora Awards, mphoto za oyimba a mu Africa, nthawi imene oyimba a ku Malawi kunja samatchulidwa nkomwe. Anatisiya mu January 2021, koma mpaka lero ukaika nyimbo zake ku Blantyre anthu osamva Chitumbuka amayimba nawo. Chinawagwira sichinali chilankhulo, anatenga kamvekedwe ka kwawo, ng'oma za kunyanja ndi kumapiri kuno, nkuzikonza mwaukadaulo osazichepetsa.

Gasper Nali wa ku Nkhata Bay anadziwika kunja ndi babatoni, chida chonga gitala wamkulu, wopanga yekha, waya umodzi, botolo m'dzanja, phazi likuponda ng'oma. Body Mind and Soul, bandi ya kuno konkuno ku Mzuzu, inapambana mpikisano wa Music Crossroads nkukayimba ku Ulaya. Onsewa sanapite kunja chifukwa choyimba ngati a ku Nigeria. Ife tili ndi vimbuza imene UNESCO inaizindikira, tili ndi malipenga, chilimika, ingoma ya ku Mzimba, koma mnyamata wa ku Chibavi akalowa mu situdiyo akufuna biti yofanana ndi ya aliyense.

Sindikunena kuti Chichewa musiye, inenso pano ndikulemba Chichewa, ndipo nchimene chimafika dziko lonse msanga. Sakanizani ngati mmene timayankhulira mumsika wa Zigwagwa. Koma chilankhulo chimene umalira nacho pamaliro ndi chimene umayimba nacho bwino.

Kodi ndisamukire ku Lilongwe kapena ku Blantyre?

Zoona zake nzoti ma TV akuluakulu, makampani othandiza ndi ndalama ndi mapulomota ambiri ali kumeneko, ndipo kuchoka kuno kukafika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 350 kudzera mu Chikangawa, nde bandi ya anthu asanu ndi awiri thiransipoti yokha imadya phindu lonse. Koma kusamuka ulibe dzina ndi kukangowonjezera chiwerengero cha ovutika ku Area 25. Yambani mwadzaza holo kuno. Nyimbo zanu zimveke pa Voice of Livingstonia ndi Radio Tigabane, a sakaramento aziziyimba akupalasa, Karonga ndi Nkhata Bay azikuitanani. Mukatero ku Lilongwe mudzapita ataitana okha, ndipo mtengo mudzatchula ndinu. Kumbukiraninso kuti Lake of Stars inayambira kuno kumpoto, ku Chintheche, anthu ankachita kuuluka kuchokera kunja kubwera kwathu.

Pulomota wandiitana ku shoo koma za ndalama akuti tidzakambirana. Ndipite?

Ayi. Kambiranani lero.

Ndinaonapo anyamata a bandi ina atayimba usiku onse pa malo ena kuno, holo itadzaza, cha m'ma 3 koloko m'bandakucha anthu atabalalika iwo ali panja ndi ng'oma zawo, kuzizira kwa mu June kuja mpweya ukuchita kuoneka pakamwa, woyimba wamkazi atafunda chitenje chimene anavinira pa siteji, akuyimba foni ya pulomota ikungoti sikupezeka. Wapageti akuti ndalama anatenga abwana. Anakwera matola kubwerera kwawo, wa kiyibodi anachita kupinyolitsa foni. Palibe chimene akanachita chifukwa panalibe pepala lililonse.

Nde mverani. Mugwirizane ndalama zingati, theka mulandire tsiku lisanafike, pa Airtel Money kapena Mpamba kuti pakhale umboni, lotsalalo musanakwere pa siteji. Thiransipoti, chakudya ndi pogona zitchulidwe kuti walipira ndani. Ngati mukugawana zapageti, ikani munthu wanu pageti pomwepo aziwerenga matikiti, ndipo mumvane kuti za holo, jenereta ndi achitetezo zichotsedwa musanagawane kapena ayi, chifukwa mkangano umayambira pamenepo. Olo zikhale pa WhatsApp, bola zilembedwe. Ndipo mawu aja oti "bwera udzadziwike" amagwira kamodzi kapena kawiri ukamayamba, osati chaka ndi chaka.

COSOMA ndi chani, nanga ndalama zake zimabwera bwanji?

Ndi bungwe loona za umwini wa luso, Copyright Society of Malawi, linakhazikitsidwa mu 1992, ndipo pano likugwira ntchito ndi lamulo la Copyright Act la 2016. Limatolera ndalama kwa amene akugwiritsa ntchito luso la ena, monga mawailesi, ma TV, malo azisangalalo, nkugawira eni ake. Palinso ndalama ya blank media levy imene imadulidwa pa zipangizo zosungira ndi kukopera nyimbo zikamalowa m'dziko. Koma sangakupatse ngati sunalembetse, ndipo nyimbo iliyonse yatsopano umayenera kukailembetsanso, osati dzina lako lokha.

Apa pali chinthu chimene chimadanitsa anthu. Wopeka nyimbo, woyimba ndi pulodyusa ndi anthu atatu osiyana, aliyense ali ndi gawo lake. Ngati mnzako anakupekera kolasi, mumvane tsiku lomwelo mu situdiyo kuti zake ndi zingati, nyimbo isanagunde. Ikagunda ubale umatha.

Ine ndimafuna zisudzo, osati zoyimba. Zilipobe?

Zilipo, ngakhale sizili ngati kale pamene Wakhumbata ya Du Chisiza Jr. kapena Kwathu ikabwera holo imadzaza mpaka ena kuonera pawindo. Du anayambitsa Wakhumbata mu 1987 ndipo anaonetsa dziko kuti zisudzo zitha kukhala ntchito ya munthu, anamwalira mu 1999, Gertrude Kamkwatira nkupitiriza mpaka anayambitsa gulu lake la Wanna Do. Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, anaseketsa dziko lino zaka zambirimbiri ndi nkhani za tsiku ndi tsiku basi. Michael Usi tinamudziwa ngati Manganya pa Tikuferanji, mu 2024 anakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Ambiri mwa akatswiri athu anayambira ku sekondale, pa mipikisano ya zisudzo ya ATEM, bungwe loona za kaphunzitsidwe ka Chingerezi, nde ngati muli pasukulu lowani drama club lero.

Chimene ndimawauza atsopano nchoti siteji, wailesi ndi kamera ndi ntchito zitatu. Pa siteji mawu afike kwa agogo akhala kumbuyo kwenikweni opanda maiki, manja ndi nkhope zikule. Pa wailesi nkhope yako palibe akuiona, mkwiyo, misozi, ukalamba, zonse zili m'mawu. Pa kamera ndi zosemphana ndi siteji, kamera ili pafupi, ukatukula nsidze pang'ono yaona kale, nde amene anazolowera siteji amaoneka ngati akukokomeza, dayirekita amangoti chepetsani, chepetsaninso. Komanso filimu sajambula motsatana, mutha kuyamba ndi maliro m'mawa masana nkujambula ukwati wa munthu yemweyo, ndipo chiganizo chimodzi utha kuchibwereza kakhumi chifukwa njinga yamoto yadutsa kapena tambala walira. Zimafuna kudekha kuposa mmene anthu amaganizira.

Andiuza kuti ndilipire kuti ndichite nawo odishoni. Ndi zoona?

Chenjerani. Amene akufuna ekita ndi amene amalipira ekita. Funsani filimu imene anapangapo, muione ndi maso anu, funsaninso amene anasewera mmenemo ngati analandira zawo.

Kwa atsikana ndinene mosabisa: odishoni sichitikira ku loji usiku, ndipo palibe gawo la mu filimu kapena kolabo imene mtengo wake ndi thupi lanu. Pitani ndi mnzanu, kunyumba adziwe komwe muli. Wina akayamba zimenezo sungani mauthenga ake, kanenani ku polisi ku Victim Support Unit, ndipo uzani akuluakulu a gulu lanu. Atsikana aluso ambiri asiya zisudzo chifukwa cha khalidwe limeneli, ndipo ife amuna a mu luso tikamangoyang'ana kumbali ndiye kuti tikuvomereza.

Mafilimu a ku Malawi amapita patali?

Amapita. Joyce Mhango Chavula anapambana pa Africa Magic Viewers' Choice Awards mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe, Shemu Joyah nkudzapambananso mu 2018 ndi The Road to Sunrise. Filimu ya nkhani ya William Kamkwamba imene Chiwetel Ejiofor anatulutsa mu 2019 anajambulira ku Kasungu konkuno, ndipo Lily Banda anasewera nawo. Vuto si luso, vuto ndi msika, filimu ikangotuluka mawa lake ili kale m'ma fulashi kwa oberna, aja okopera anthu nyimbo ndi mafilimu.

Kodi sitelingi amadumphadi yekha pa nyumba zitalizitali zija?

Nthawi zambiri ayi. Pali anthu ena amene ntchito yawo ndi imeneyo, a masitanti, amawaveka zovala ndi tsitsi lofanana ndi sitelingi, kamera nkuwajambula chakumbuyo kapena chapatali. Tonse tinakula tikuti sitelingi safa mu vidiyo shoo, koma amene amalowa m'malo mwakeyo amavulala zenizeni, ndipo dzina lake limadutsa kumapeto anthu atatuluka kale. David Holmes, amene ankalowa m'malo mwa Daniel Radcliffe mu mafilimu a Harry Potter, anathyoka khosi mu 2009 akuyeserera ndipo mpaka lero ali pa wilitcheya. Olivia Jackson anachita ngozi ya njinga yamoto mu 2015 akujambula filimu ku South Africa, anawombana ndi chitsulo chonyamula kamera, mkono wamanzere anachita kudula. Jackie Chan amene amadziwika kuti amachita yekha anagwa mu mtengo akujambula filimu ku Yugoslavia nkuswa chigaza. Awatu ndi anthu ophunzitsidwa, okhala ndi zingwe, madokotala ndi ambulansi pambali.

Ndipo taonani, ma Oscar akhalapo kuyambira 1929 koma mphoto ya masitanti angoilengeza mu 2025, kuti idzayamba kuperekedwa mu 2028. Zaka zonsezi anthu akuthyoka mafupa kuti ena atchuke.

Ife tikufuna kujambula filimu ya ndewu ku Mchengautuwa, tilibe ndalama. Tipange bwanji?

Zitheka. Ku Uganda anyamata a Wakaliwood, motsogozedwa ndi Isaac Nabwana, anatchuka dziko lonse ndi mafilimu a ndewu ojambulira m'makwalala a ku Wakaliga ndi ndalama zochepa zedi. Koma mvetsani chinsinsi chake: ndewu ya mu filimu ndi gule. Aliyense amadziwa sitepe yake, ndipo palibe amene akumenya mnzake.

Chibakera chimadutsa patali ndi nkhope, mwina chikhatho chathunthu, kamera imaima kumbuyo kwa phewa la womenyayo kuti mpatawo usaoneke. Amene amachititsa kuti chibakeracho chioneke chenicheni ndi womenyedwayo, iye ndi amene amatembenuza mutu nthawi yake yeniyeni nkudzigwetsa, phokoso lija mumadzaika pa kompyuta. Yeserani pang'onopang'ono ngati mukuyenda m'madzi, kuwerenga wani, thu, fili, mpaka thupi lizolowere, kenako muziwonjezera liwiro. Jambulani zidutswa zifupizifupi, zibakera ziwiri kapena zitatu, kudula, kusintha mbali. Wina akatopa imani, ngozi zambiri zimachitika pa "tibwereze komaliza".

Pogwa, phunzirani kugwa kaye pa matiresi, chibwano chili pachifuwa, osatsogoza dzanja. Kudumpha pamwamba, akatswiri amasanja makatoni opanda kanthu mizere ingapo nkuika matiresi pamwamba, koma inuyo musadutse msinkhu wa tebulo, kamera ikakhala pansi ikuyang'ana kumwamba tebulo limaoneka ngati denga. Mpeni ukhale wa labala kapena katoni yopenta, chikwanje chenicheni olo chikhale chobuntha chisayandikire. Magazi ndi manyuchi a shuga ndi kala yofiira ya makeke. Botolo lenileni pamutu pa munthu ayi, aja mumaona akuphwanyika aja amapangidwa mwapadera kuti aziyoyoka. Moto, galimoto yothamanga ndi njinga yamoto zisiyeni mpaka mutapeza munthu wophunzira ntchitoyo. Mfuti yeniyeni ndiye ayi ndithu, Brandon Lee anafa mu 1993 ndi mfuti ya pa filimu imene onse ankati ndi yotetezeka.

Chinanso, musanajambule dziwitsani mfumu ya dera ndi apolisi, makamaka ngati pali mfuti yachidole kapena wina akuthamangitsidwa. Kuno munthu akamathawa wina akukuwa kuti wakuba, anthu safunsa kuti kamera ili kuti.

Mwana wanga akuti asiye sukulu aziyimba. Ndimuletse?

Mayi, bambo, sukulu asasiye, koma gitala musamuphwanyire. Mukamuletsa aziyimbabe mobisa, ndipo kobisikako ndi kumene kuli mowa ndi chamba. Mugwirizane naye kuti MSCE ikhale m'manja, zoyimba Loweruka ndi pa holide, ndipo tsiku lina mupite mukamuonere nokha. Muwadziwe amene akuyenda naye. Sukuluyo adzaifuna mu luso momwemo, kontirakiti imabwera m'Chingerezi cha maloya, ndipo ambiri anagulitsa nyimbo zawo moyo wonse chifukwa anasaina asanamve.

Mawu anga amasasa ndikayimba masiku awiri otsatana. Nditani?

Mukukankha ndi kukhosi m'malo mopumira m'mimba, kapena simukudzimva pa siteji nde mukukuwa, uzani wa zokuzira mawu akweze monita. Tenthetsani mawu musanayambe, imwani madzi ambiri osazizira, fundani khosi usiku wa kuno, fodya ndi kachasu zitayeni. Mawu akasasa khalani chete, kunong'ona nakonso kumatopetsa khosi. Akapitirira masabata atatu pitani kuchipatala akakuoneni.

Nchifukwa chani oyimba ndi azisudzo otchuka amavutika akadwala kapena akakalamba?

Chifukwa ntchitoyi ilibe penshoni, ilibe sikimu ya chipatala, ndipo tsiku limene sunakwere pa siteji palibe cholowa. Kutchuka ndi ndalama ndi zinthu ziwiri. Agogo a Giddes Chalamanda, obadwa mu 1930, ayimba moyo wawo onse, nyimbo imene anabwereza ndi Patience Namadingo mu 2020 inazungulira dziko lonse pa TikTok anthu mamiliyoni akuvina, eni ake ali kumudzi ku Chiradzulu opanda ndi foni yoonera TikTok yomweyo. Ndipo kangati tamva pa wailesi kuti katswiri wakutiwakuti ali m'chipatala, akupempha akufuna kwabwino? Zimandiwawa chifukwa ndi anthu amene anatisangalatsa pa maukwati athu nkutitonthoza pa maliro athu.

Nde nthawi imene foni ikulira pafupipafupi ndi yomwe muyenera kuchita zinthu. Shoo iliyonse patulani kenakake musanagule nsapato, lowani banki mkhonde kapena SACCO, gulani kapuloti olo kutali ku Dunduzu. Lowani mabungwe a aluso, oyimba kuli Musicians Union of Malawi, azisudzo National Theatre Association of Malawi, a mafilimu Film Association of Malawi, kuti polankhula ndi boma mukhale ambiri. Nyimbo zanu zenizeni zochokera ku situdiyo, mavidiyo ndi masikiriputi sungani malo awiri, osangosiya mu kompyuta ya pulodyusa. Ndipo akunyumba adziwe mapepala a COSOMA ali pati ndi nyimbo ziti zinalembetsedwa, chifukwa umwini wa nyimbo sutha tsiku la maliro, lamulo limautetezabe zaka 50 mwini atamwalira ndipo ndalamazo ndi za ana anu.